Cholembera Chofiira cha a Likoswe

Nkhaniyi anandiuza ndi mlamu wanga Esinta, Ambuye amudalitse, ndipo ndikuifotokoza monga ndinaimvera.

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo panali manijala, a Likoswe, amene Chingerezi chothyoka chinkawayabwa m'makutu. Ankati wolakwitsa Chingerezi ndiye kuti sasamalanso ntchito. Kalata iliyonse ankaiwerenga mokweza pamaso pa antchito, cholembera chofiira chili m'manja.

Tsiku lina kalaliki wawo, Velonika, anapempha tchuthi kuti akakhale nawo pa ukwati wa mng'ono wake.

"Lemba kalata yopanda cholakwika ngakhale chimodzi," anatero a Likoswe. "Ndikachipeza, ukwatiwo udzangoumvera kwa anzako."

Velonika anapemphera chamumtima, kenako anatsegula kabati ya mafayilo akale.

M'mawa mwake a Likoswe anaitana onse. Anayamba kuwerenga kalata ya Velonika, uku akukhwatcha, uku akupukusa mutu, mpaka pepala lonse linafiira.

"Mayi iwe, Chingerezi chakumunda chimenechi anakuphunzitsa ndani?"

"Pepani bwana, ndinaopa kudzidalira," anayankha Velonika atapinda mawondo. "Ndangokopera kalata yanu yopempha tchuthi ya chaka chatha ija, liwu ndi liwu. Ndasintha dzina ndi tsiku basi. Nayi, ili ndi siginecha yanu."

Wina chifuwa chinamugwira mwadzidzidzi, nathawira panja.

A Likoswe anayang'ana makalata awiriwo, nalowetsa cholembera m'thumba.

"Komabe ndikachiyang'anitsitsa, Chingerezichi n'chomveka ndithu. Pita, ukawapatse moni akwatiwo."

Esinta anamaliza n'kuti: "Mlamu, cholembera chija chinaumira m'thumba momwemo."