Nkhonya Zosatha za pa Dambo la Chiwale

Kalelo, makolo athu asanakhazikike m'dziko lino, mbumba ya Nankhwazi inkakhala kutsidya kwa Luangwa, kumene chilala chinawapanikiza mpaka anthu anayamba kudya mbewu zosungira. Nankhwazi anabala Msekaimfa, ndipo mwa ana a Msekaimfa anakula awiri okha, wamwamuna Mtalimanja ndi wamkazi Mwatitha. Mtalimanja ameneyu, pokhala mwini mbumba, ndiye anatsogolera anthuwo kulowera kum'mawa, atasenza zikwatu za mapira otsala, okalamba akuwabereka kumsana mosinthana.

Anafika pa dambo la Chiwale mitambo ya mvula itayamba kale kusonkhana. Nthaka inali yakuda, dziwe linali lodzaza, koma malowo anali ndi eni ake, mbumba ya Chikungwa, mwamuna wamfupi wa khosi ngati mtondo. Chikungwa anawapatsa alendowo madzi akumwa, koma za munda anakanitsitsa, nati dambolo ndi la alongo ake ndipo sangaligawire anthu osawadziwa. Mtalimanja anadziwa kuti akapitirira ulendo, mvula iwapeza panjira, mapira awolera m'zikwatu, ndipo ana a mlongo wake sadzaona masika. Choncho anapempha kuti nkhaniyo ithere pamzere.

Masiku amenewo anthu opanda mlandu wa magazi sankatolerana mikondo chifukwa cha malo. Ankathira mzere wa phulusa pabwalo, amuna awiri n'kuikapo chala chachikulu cha phazi lamanzere, manja atakulungidwa ndi luzi lonyowa. Kuponda mnzako, kumugwira m'chiuno kapena kumumenya atagwa kunali koletsedwa. Kupuma kunalibe kufikira wina atagwa. Akagwa, mlongo wake ankanyamula chipanda kupita kudziwe osaima panjira, n'kubwera kudzamuthira madzi kumutu, ndipo madziwo akatha ankayenera kuimanso pamzere. Wolephera kudzuka anali wogonja, ndiponso wosowa mlongo womutungira anali wogonja. Dzuwa likalowa ankaleka, likatuluka ankayambiranso. Anyamata a lero amene amavala magolovesi ofewa n'kumakhala pampando belu likangolira akanathawa tsiku loyamba dzuwa lisanafike pamutu.

Anagwirizana kuti Mtalimanja akapambana anthu ake alima theka la dambo, akagonja achoka tsiku lomwelo.

Akuluakulu sagwirizana za kuchuluka kwa masiku amene amuna awiriwa anamenyana, koma onse amati mitengo ya mombo yozungulira bwalolo inatha kusendedwa, chifukwa luzi linkaduka m'manja mwawo. Kugunda kwa nkhonya kunkamveka mpaka kumapiri, ndipo mitambo inaima pamwamba pa dambolo osagwetsa dontho, kudikira kuti nkhaniyo ithe. Mtalimanja ankamenya ali patali, pakuti mikono yake inali yaitali, koma Chikungwa ankalandira nkhonyazo osaphethira, n'kumayandikira pang'onopang'ono mpaka kumupeza m'nthiti. Onse ankagwa, onse ankadzuka. Mtalimanja akagwa, Mwatitha ankayenda kupita kudziwe monyadira ngati mkwatibwi kuti mlongo wake apumeko, ndipo eni dambo ankangong'ung'udza, popeza lamulo linkaletsa kuima kokha. Chikungwa akagwa, ankamutungira mlongo wake Ndaziona, amene anali ndi pakati potopa, moti iyeyo kuyenda pang'onopang'ono sikunali kochita kupanga.

Pomalizira pake Mtalimanja anayamba kuopa. Diso limodzi linali litatsekeka, mano ena anali atasiyidwa pabwalopo, ndipo ankadziwa kuti akagwanso kamodzi sadzuka. Sanauze munthu. M'mawa wina anasonkhanitsa mphamvu zotsala n'kumupeza Chikungwa pansi pa khutu, ndipo mwini damboyo anagwa chagada. Ndaziona ananyamula chipanda n'kulowera kudziwe, koma sanabwerere. Nthawi yake inamukwanira m'mbali mwa madzi momwemo. Alongo ena onse a Chikungwa anathamangira komweko kukamuzinga, ndipo mkazi amene wagwira ntchito ya uchembere sankaloledwa kuyandikira mwamuna wa pamzere. Chikungwa anatsala pansi wopanda womutungira.

Akazi a mbumba ya Nankhwazi anayamba nthungululu, pakuti mwa lamulo dambo linali litapezeka. Koma Mtalimanja anayang'ana mnzakeyo ali gone, naona kuti maso ake sanali pamzere, anali kunjira ya kudziwe kumene mlongo wake ankabuula. Manyazi anamugwira, ndipo anaitana Mwatitha.

"Tenga chipanda chathu ukamutungire madzi munthuyu."

"Mlongo wanga, miyendo yanu ikunjenjemera, ine ndikuiona," anayankha Mwatitha. "Ameneyu akadzuka, mugona pansi ndinu. Nanga ana angawa ndilowera nawo kuti?"

"Tikalima pano motere, ana ako adzakula akutukwanidwa kuti munda wawo tinaulanda kwa mayi ali pamphasa. Pita."

Mwatitha anapita akulira ndi mkwiyo, ndipo abale ake anamufulatira Mtalimanja, ena akumunena poyera kuti nkhonya zamusokoneza mutu. Atabwerako anathira madziwo pamutu pa Chikungwa mpaka chipanda chinatha. Chikungwa anadzuka, naika chala pamzere, nakweza chibakera. Mtalimanja nayenso anaika chala chake, ngakhale ankadziwa kuti nkhonya yotsatirayo ndiyo imumaliza, ndipo mumtima anali atayamba kale kupepesa kwa amayi ake Msekaimfa.

Koma Mwatitha sanachoke pabwalopo. Anaima pakati pa amuna awiriwo chipanda chili m'manja, natembenukira kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri.

"Chiyambire, wothira madzi mwamuna wa pamzere amakhala mlongo wake, palibenso wina. Uyu ndamuthira, uyunso ndamuthira. Tandiuzani, kodi amuna a mlongo mmodzi amaimirana pamzere?"

Palibe amene anali ataganizako zimenezo, ngakhale Mtalimanja mwiniwakeyo, amene anangofuna kuti asapambane mochititsa manyazi. Akuluakulu anakafunafuna m'malamulo onse amene ankawadziwa, koma sanapeze pothawira, pakuti munthu ndi mbale wake sankaloledwa kumenyana pamzere. Chikungwa anatsitsa mkono wake pang'onopang'ono, namuyang'ana Mwatitha nthawi yaitali, kenako anayankhula movutikira chifukwa milomo inali itatupa.

"Ngati ndinu mlongo wanga, sindingakusiyeni opanda munda. Khasu muli nalo?"

Mtalimanja atamva mawu amenewa, anakhala pansi n'kulira anthu onse akuona. Nthawi yomweyo mitambo inamasuka, mvula inakokolola phulusa la mzere, ndipo kudziwe kunamveka kulira kwa khanda. Mawa lake mbumba ya Nankhwazi inamasula zikwatu n'kudzala mapira kumtunda kwa dambo, Chikungwa ali patsogolo kuwaonetsa pamene madzi sasefukira.

Wopambana sanalengezedwe, ndipo kufikira lero midzi ya mbumba ziwirizi ikakumana pamowa, uliwonse umati gogo wawo ndiye anatsala pang'ono kumaliza mnzake. Mwatitha anabala ana aakazi amene anabala ife, ndipo mwana wa Ndaziona ndiye kholo la mudzi wa kumunsi, wa kwa Chikungwa. Kanjira kamene alongo aja anaponda kuchokera pabwalo kupita kudziwe kakadalipo, ndipo udzu sumerapo ngakhale mvula ichuluke bwanji. Koma umboni waukulu uli mwa anthu. Mnyamata wa kwa Mtalimanja akafuna mbeta, amadutsa m'mudzi wa Chikungwa, mmene atsikana ake ndi osiririka kwabasi, n'kuwapatsa moni wa pachilongo, kenako n'kupitirira ulendo wautali kukafunsira kwina. Amadandaula, ndipo ife timawaseka, koma chiyambire palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhotera m'mudzimo kukafunsira mlongo wake.