Mtsuko wa Abiti Swadick

M'labotale ina pa Mangochi boma munali firiji imene Dokotala Naima Uladi ankaisamala kuposa mutu wake. Magetsi akangothima, iye ndiye ankayamba kuthamangira ku jenereta, nsapato zili kumanja. Sanali dokotala wa jakisoni ayi. Ntchito yake inali yofufuza tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'mimba mwa munthu, makamaka tabwino tija timene timathandiza kugaya chakudya ndi kuteteza ana ku matenda otsekula m'mimba. M'firijimo munali timabotolo tochokera ku Makanjira, ku Malindi, ku Nankumba, ngakhale kwa Mponda pafupi pomwepa. Kochokera kwawo ku Chowe munalibe ndi kamodzi komwe.

Ku Choweko kunali mayi ake, Abiti Swadick, ndi mtsuko wawo wa thobwa. Mtsukowo unali ndi zaka zambiri kuposa Naima, wakuda bii, wobenthuka pakamwa, ndipo sopo sunkamudziwa. Thobwa likatha, mayiwo ankangoutsukuluza ndi madzi ofunda n'kusiya nsenga pang'ono pansi kuti zidzadzutse thobwa lotsatira. Linkatuluka lowawasa mwaulemu, lonunkhira ngati nthochi yakupsa, moti mwezi wa Ramadani anthu a m'mudzimo pomasula swaumu, kusala kwawo kuja, ankapeza zifukwa zodutsira pakhomopo.

Tsiku lina Naima atapita kukaona anthu kwawo, anatunga nsengazo m'kabotolo.

“Nsenga n'zachiyaninso? Tamwa thobwa lenileni, mwana iwe,” anatero mayi ake.

“Ndikufuna ndione amene amakuthandizani kuphika m'mtsukomu, amayi.”

“Ndimaphika ndekha. Ukampeza wina, umuuze azibwera kudzasinja chimera.”

Tsono ntchito imeneyi ili ndi khalidwe lake loipa. Kuti udziwe kachilombo ndi dzina, umakaphwanya n'kutulutsa DNA, chija chimene chimasunga mbiri ya chamoyo chilichonse, makina n'kuwerenga. Ukatero dzina walidziwa, koma mwini dzina wafa. N'chifukwa chake wofufuza wochenjera amayamba wapatula theka n'kulisunga lamoyo m'firiji. Naima ankazidziwa bwino izi, ndiponso ndiye ankakalipira ophunzira akaiwala.

Jonathan, mnzake wa m'labotalemo, anamukumbutsa. “Adokotala, bwanji tipatuleko pang'ono tisunge tamoyo?”

“Malo m'firiji ndi ochepa, a Jonathan, tisungire za kutali. Izi n'za kwathu. Mtsuko uli pakhonde pa amayi, ulibe miyendo. Tsiku lozifuna ndingokwera kabaza, tiyi asanazizire ndabwera nazo.”

Anaphwanya kabotolo konse. Zotsatira zitatuluka, Naima anaziwerenga kawiri pa kompyuta, dzanja lili pakamwa. Pakati pa tizilombo todziwika panali bakiteriya wina wowawasitsa chakudya amene sankafanana kwenikweni ndi aliyense wolembedwa kale, ndipo ankaoneka kuti angathe kulimbana ndi tizilombo totsekula ana m'mimba. Analemba za iye, ndipo dzina la Naima linayamba kuyenda. Anamuitana ku Nairobi, anamuitana ku Joni, kenako ku Ulaya. Kulikonse funso linali limodzi: “Kachilomboka muli nako kamoyo kuti tikayese?” Iye ankayankha monyadira kuti kali kwawo, kwa amayi ake.

Mapiri a ku Chowe ankaonekera pa windo la labotale, kutsidya kwa Shire. Naima ankawayang'ana tsiku ndi tsiku, mtima n'kumamupweteka ndi kupukwa, koma mwendo osanyamuka. Kunali malipoti, kunali ophunzira, kunali alendo. Mayi ake akaimba foni ankafunsa chimodzimodzi.

“Ubwera liti? Ndaviika mawere.”

“Mwezi wamawa, amayi, Mulungu akalola.”

Mulungu ankalola, koma Naima ndiye sankapita. Pa chikondwerero china cha Idi anafikadi, anamwa makapu ake mpaka m'mimba kuti ndii, koma anali ataiwala bokosi la ayezi. Anauyang'ana mtsuko uja n'kunena kuti nsenga zingaonongeke ndi dzuwa panjira, bola adzabwere dala. Munthu wa sukulu akafuna kuzengereza sasowa chifukwa chomveka bwino.

Kenako anapeza mwayi wokachita kafukufuku kunja kwa chaka chathunthu. Kumeneko anaona makina amene ankangowamvera m'mabuku, koma pakhosi pake pankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankagula mkaka wowawasa wa m'masitolo, n'kutseka maso pomwa, koma sizinkafika. Anasowa kwawo mpaka ankalota akupukusa thobwa m'kapu ya pulasitiki yobiriwira.

Ali komweko, mchimwene wake Zubair anaimba foni. Amayi anagwa pobwera kudimba. Madokotala ati ndi sitiroko, ndipo mbali ya kumanja yafa. Sadzaphikanso. Chaka chomwecho kolera inalowa m'boma la Mangochi, ndipo maliro anachuluka m'midzi.

Naima atabwerako sanagone n'komwe pa boma. Ulendo uno bokosi la ayezi sanaliiwale. Anapeza mayi ake pamkeka, ataonda, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka molemera. Anawagwira dzanja lakufalo nthawi yaitali. Atadzuka kuti akamwe madzi, anauona mtsuko uja pafupi ndi chitseko, woyera mbee, wovindikira bwino, kapu ili pamwamba. Fungo la kolorini linamulonjera asanauvundukule.

Zena, mkazi wa Zubair, anaona nkhope yake n'kuyandikira. “Alamu, a zaumoyo anati chiwiya chilichonse tichape ndi kolorini. Uwu ndinaukwecha ndi mchenga, ndinauyanika padzuwa, tsopano timasungiramo madzi akumwa. Kodi ndalakwa?”

“Simunalakwe, alamu. Mwapulumutsa nyumba ino.”

Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinamuwawa kwambiri, chifukwa panalibe woti amuloze chala. Anapita kuseri kwa khitchini n'kukalira yekha.

Sanagonje msanga. Anapala m'ming'alu ya mtsukowo, anakadzala zopalazo m'timbale ta mu labotale, anadikira. Tinamera tizilombo wamba, timene ungatipeze m'chidebe chilichonse. Anayenda m'makomo a anansi kupempha nsenga za m'mitsuko yawo, koma ambiri anali atasamukira kale ku zigubu za pulasitiki, ndipo mwa otsalawo bakiteriya uja munalibe. Pa kompyuta yake mbiri yonse ya kachilomboko inalipo, chilembo ndi chilembo. Jonathan sanamukumbutse kanthu za tsiku lija. Ankangomuthandiza kutsuka timbale.

Ramadani itafika, Naima anatenga tchuthi n'kupita ku Chowe. Anapempha mtsuko uja kwa Zena. Anaviika mawere, anawameretsa, anasinja chimera yekha mpaka manja anatuluka matuza. Anaphika phala, analisiya kuti lipole, anathira chimera, anachita zonse monga ankaonera ali mtsikana, n'kutsira mumtsuko womwe uja. Mayi ake sanawauze. Ankafuna kuti angolawa n'kumva kuti zinthu pakhomo pano zikadali momwe anazisiyira.

Nthawi yomasula itakwana, banja linakhala pamkeka. Abiti Swadick sankasala chifukwa cha matenda, koma ankakonda kukhala nawo limodzi. Naima anagwada, anawachirikiza mutu, anawafikitsira kapu pakamwa. Mayiwo anamwa pang'ono, analisunga m'kamwa kanthawi, kenako anameza.

“Alhamdulillah, lakoma,” anatero pang'onopang'ono. “Watipatsa ndani thobwali? Ukawathokoze, anthu achifundo.”

Zubair anawerama. Zena anadzuka ngati wakumbukira kanthu pamoto. Naima anapukuta mlomo wa mayi ake ndi nsonga ya chitenje.

“Ndikawathokoza, amayi.”

Anafika nazo kutali nzeru zake mwana wa ku Chowe, ndipo za eni ake a m'midzi ina anazisunga zamoyo mpaka lero. Chake cha pakhomo, chimene chinkangofuna tsiku limodzi ndi kabotolo kamodzi, anachisiyira mawa. Akuluakulu anaziona kale zoterezi, n'chifukwa chake anati: Zengerezu adalinda kwawukwawu.