Nkhope ya Nachisale Sinafike ku Joni

Kalekale, osati kale la mikondo ndi mauta ayi, kale la dzana lomweli mafoni atadzaza kale m'matumba, ku Nathenje kunali anthu atatu amene ankajambula zochitika n'kumazionetsa pa intaneti nthawi yomweyo. Awiri anali pachibale, Fatsani ndi mng'ono wake Sautso. Wachitatu anali mlamu wawo Limbikani, mkamwini wokhala pamudzi pawo pomwepo.

Makamera anali atatu, anthu analinso atatu, ndiye panalibe woti akhale pakompyuta n'kumasankha chithunzi choti owonera aone. Ntchito imeneyo anaipereka kwa makina oganiza okha. Makinawo sankadziwa ukwati, sankadziwa maliro. Ankangotsata malangizo olembedwa, onena kuti kamera iyi uisankhe pakachitika zakuti. Chimene sichinalembedwe, kwa iwo kunalibe.

Fatsani ndiye analemba malangizowo. Anali munthu wodana ndi mawu ambiri, moti zonse anazikwanitsa patsamba limodzi. Mutu wake unali uwu: "Onetsa amene wagwira maikolofoni. Akasiya kulankhula, onetsa khamu." Atamaliza anayenda masiku awiri mapewa ali m'mwamba.

Sautso ndiye anapatsidwa kuti awaunike. Sanachite ulesi, tisamunamizire. Anawawerenga kawiri, anawayesa pa maukwati atatu ndi chinkhoswe chimodzi, ndipo makina sanaphonye m'busa, nkhoswe kapena woyendetsa mwambo. Pansi pa tsamba analemba kuti, "Omveka bwino, palibe chosowa." Kwa mkulu wake anati, "Achimwene, izi ngakhale mbuzi ingazitsate."

Limbikani anawerenga pomaliza, ndipo dzenje analiona. Anaona kuti pali nthawi imene woyenera kuonedwa sagwira maikolofoni.

"Alamu, nanga pa..." anayamba motero.

"Nanga chiyani?" anafunsa Fatsani, maso ali psuu.

Limbikani anakumbukira kuti munda umene amalima ndi wa eni, nyumba yake ili pamalo a eni, ndipo mwezi wathawo, atatsutsa kagulidwe ka mabatire, anamukumbutsa pagulu kuti mkamwini asamakule mwendo. Anameza mawu. "Iyayi alamu, zili bwino."

Patapita masabata awiri, mayi wina wa m'mudzi woyandikana nawo, Nachisale, anamwalira. Mwana wake wamkazi, Mwatitha, anali ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, wopanda mapepala. Kutuluka m'dzikomo kukanakhala kusabwereranso, ndipo ana ake atatu anali pasukulu komweko. Mwatitha anaimbira Fatsani akulira. "Bambo, maulaliki sindikuwafuna, nyimbo sindikuzifuna. Ndione nkhope ya amayi asanatseke bokosi. Chokhacho basi."

"Mudzaiona, mayi," anatero Fatsani. "Makina athu salakwa."

Tsiku la maliro Fatsani anaima ndi kamera yake kwa olankhula, Sautso kwa khamu, Limbikani anamuika pakhonde pamene panali bokosi. Ndiye panadzuka bambo wina wofuna ukhansala, amene Nachisale ali moyo sanamupatseko ngakhale moni. Anagwira maikolofoni ngati wabadwa nayo. Anayamba ndi kupepesa, anafika pa mijigo, anakhotera pa mlatho. Kumwamba mitambo inada, ndipo adzukulu anatuma mawu kuchokera kumanda kuti mvula ikagwa dzenje ligumuka. Akuluakulu apabanja sanadikire kuti wandaleyo atope. Anatsegula bokosi, anthu n'kuyamba kudutsa pamzere kuona nkhope.

Limbikani anayandikitsa kamera. Nkhope ya Nachisale inaoneka bwino lomwe, duku loyera kumutu, ngati wangogona. Ankadziwa zimene zinalembedwa patsamba lija, koma ankadzinyenga kuti mwina makina achita chifundo. Kusiya kamera kuti athamangire pakompyuta kukanakhala kudula mzere wa olira ndiponso kuchoka pamalo amene alamu ake anamuika. Anaima pomwepo mpaka bokosi linatsekedwa.

Makina anachita ndendende zimene anauzidwa. Ku Joni, Mwatitha anakhala pakama m'kachipinda kake, foni ili m'manja, n'kumaonera munthu wachilendo akulonjeza mlatho. Anaimba kasanu ndi kawiri, koma mafoni a atatuwo anali m'chikwama, otsekedwa mawu chifukwa cha ulemu wa pamaliro. Wandale atakhala pansi, makina anaonetsa khamu, ndipo pakati pa khamulo bokosi linali kale pamapewa. Makamerawo sankasunga kanthu paokha. Chinatsala ndi chokhacho chimene chinatumizidwa, mphindi makumi awiri za mijigo ndi mlatho. Zimandiwawa mpaka lero ndikamazinena.

M'mawa mwake Mwatitha anaimbanso. Sanatukwane, ndipo kukanakhala bwino akanatukwana. Anati, "Amayi anga sindidzawaonanso. Zakuti makina, makina, musandiuze, makina alibe mayi. Ndipatseni dzina la munthu mmodzi, apite akagwade pamanda pawo, awauze kuti mwana wawo anadikira."

Fatsani anati, "Ine ndinalemba zimene ndinkadziwa, n'chifukwa chake ndinapereka kwa wounika. Wolemba saona msana wake."

Sautso anati, "Ine ndinayesa kanayi, kanayi konse zinayenda. Ndikanalota bwanji za maliro ndili paukwati?"

Limbikani anati, "Ine ndinaona. Koma pakamwa panga munatseka ndinu, alamu."

Anakangana mpaka udzu unamera pamanda, ndipo palibe anapitako. Mwatitha akudikirabe dzina.

Tsono inu mwamva mlanduwu, mutiweruzire. Wina analemba za amoyo okhaokha n'kulonjeza kuti makina salakwa. Wina anayesa malangizo pa chisangalalo chokha n'kusaina kuti palibe chosowa. Wina anaona dzenje ndi maso ake n'kukhala chete kuti asunge banja lake ndi munda wake. Mwa atatuwa, ndani apite akagwade pamanda pa Nachisale?