Nyimbo ya Mafuta Pakhomo pa Namfedwa

Panali munthu wina amene anachoka kwawo ndevu zisanamere. Anakhalapo tenanti wa fodya ku Kasungu, anaumbapo njerwa m'matauni, kenako anakacheka matabwa m'nkhalango za kumpoto. Paliponse ankafika ndi chikwama chimodzi, n'kuchokanso ndi chikwama chomwecho. Imvi zitayamba, mawondo nawo anayamba kukana. Munthu uja anayamba kulakalaka kwawo.

Kwawoko makolo anali atapita kale. Anatsala ndi mlongo mmodzi, wamng'ono kwa iye, ndipo malo onse a amayi awo anali m'manja mwa mlongoyo, monga mwa mwambo wa kumeneko. Kuseri kwa nyumba yakale kunali kamalo kosalala, pafupi ndi chitsime. Mlongoyo anali atamulonjeza kuti akadzatopa n'kuyendayenda adzamange pamenepo. Munthu uja analibe munda, analibe mkazi, analibe mbuzi. Chimene anali nacho ndi lonjezo limenelo basi.

Tsono chaka china pakhomo pa mlongoyo panagwa zovuta. Mwana wake woyamba, Tsilizani, anadwala pang'ono n'kumwalira. Uthenga unawapeza amalume ake ali kutali, m'thumba muli mbee. Inu mukudziwa kuti malume ndi ndani pa maliro a mphwake. Ndiye amakhala pafupi ndi bokosi, ndiye amathokoza adzukulu okumba manda, ndiye amagwira mlongo wake dzanja pochoka kumanda. Pa maliro awa zonsezo anachita anthu apadera.

Munthu uja anati, ndikalandira ndalama ndipita. Atalandira anati zachepa, munthu sapita kukapepesa maliro chimanjamanja. Mwezi wotsatira ananenanso zomwezo. Manyazi ali ngati mtolo wa nkhuni: ukachedwa kutula, khosi limauma, ndipo kutulako kumafuna wina akuthandize.

M'masiku amenewo pamsika panabwera anyamata a kampani ina ya mafoni, ndi maambulera awo ndi chimkuzamawu. Ankagulitsa layini yatsopano, yoyimbira pafupifupi ulere. Lamulo lake linali limodzi. Wakumbali inayo akangoyankha, pamayamba kaye kulira kanyimbo kotsatsa malonda. Woyimba amve, woyankha amvenso. Kakatha, lankhulani mpaka malovu aume.

"Basi?" anafunsa munthu uja.

"Basi, madala," anatero mnyamata wogulitsayo. "Amalonda ndi amene akukulipirirani. Inu mungobwereketsako khutu."

"Khutu silitha," anatero munthu uja, n'kugula.

Tisaname, layiniyo inathandiza anthu. Amayi ankalankhula ndi ana awo a kusukulu zogonera komweko. Ogulitsa tomato ankafunsa mitengo ya kutauni asanakwere lole. Munthu uja nayenso ankapezera maganyu pa layini yomweyo. Ndipo posakhalitsa anaphunzira nzeru imene aliyense anaiphunzira. Akangomva kuti wina wayankha, foni ankaiika pabondo. Kaphokoso kakazilala, ankainyamula n'kuyamba moni. Motero nyimbo zinkasinthasintha, za sopo, za mbewu, za malata, koma iye sanamvepo ngakhale imodzi mpaka kumapeto.

Ndiye maganizo anamubwerera. Anati, popeza ulendo ukuvuta, bwanji ndiyambe ndapepesa pafoni? Mtima wa mlongo wanga ukafewa, kufika kudzakhala kosavuta.

Lamlungu lina masana anasamba, navala malaya ake abwino ngati kuti mlongoyo amuona, nakhala pachitsa. Mawu anali atawakonza bwinobwino, oyambira ndi otsirizira. Anayimba. Kumbali ija anayankha msanga. Iye anaika foni pabondo, nadikira, nainyamula.

"Achemwali, ndine."

Kunali zii. Foni inali itadulidwa kale.

Anati mwina ndi netiweki, kumudzi imavuta. Mawa lake anayesanso. Kumbali ija anayankhanso, anadulanso. Sabata zinapita zili chomwecho. Mlongoyo sankaleka kuyankha, ndipo sankaleka kudula. Munthu uja anayamba ndi kudabwa, kenako chisoni, kenako mkwiyo. Anakumbukira mmene ankamuberekera mlongoyo powoloka mtsinje popita kusukulu, mmene ankamuthyolera masuku. Anati, lero ndasanduka galu woti andithamangitse ndisanauwe n'komwe?

Pakhonde la golosale ina pankakhala bambo wosoka nsapato, amene munthu uja ankakonda kucheza naye dzuwa likatentha. Tsiku lina anamukhuthulira zonse. Wosoka nsapatoyo anamvetsera, ulusi uli kukamwa.

"Mukuyimbira pa layini ya amalondayi?" anafunsa pomaliza.

"Nanga pa iti? Ndine bwana ine?"

"Nyimbo imene ikulira mwezi unoyi munaimvapo?"

"Ndimve za chiyani? Ndigula chiyani ine?"

Wosoka nsapato uja anatulutsa foni yake yomanga ndi mphira, namupatsa. "Imbani nambala yanga. Yanuyo ikani pabondo monga mumachitira. Iyi ikani kukhutu. Lero mukhale achemwali anu."

Munthu uja anaseka, koma anachita. Anayimba, nayankha yekha, naika foni ya mnzakeyo kukhutu. Munayamba ng'oma. Munabwera nthungululu. Kenako mayi wa mawu okoma, akuseka, anayamba kuimba kuti lero kwathu kuli phwando, mafuta ophikira afika, ana onse akhuta, ana onse ali pakhomo, palibe wasowa. Nthungululu zinabwereranso.

Nyimbo inatha. Munthu uja anakhalabe foni ili kukhutu. Wosoka nsapato anaweramira nsapato yake n'kupitiriza kusoka.

Mawa lake munthu uja ananyamula sowo yake yochekera matabwa, imene inamudyetsa zaka zambiri, nakaigulitsa. Wocheka akagulitsa sowo ndiye kuti m'nkhalango sabwereramonso. Anagula nkhuku ya chipepeso, nakwera lole ya matabwa yolowera kumwera. Pamene lole inathera anakwera basi, pamene basi inathera anayenda pansi, mawondo akulira.

Anafika dzuwa lili pamutu. Asanalowe n'komwe pabwalo anaona kuseri kwa nyumba yakale kuli nyumba ina ya njerwa zowotcha, itafika m'mawindo. Inali pa kamalo kosalala kaja. Anaima pang'ono. Kenako anavula chipewa, nakakhala pansi m'mphepete mwa bwalo ngati mlendo, nkhuku ili pambali.

Mlongo wake anali pakhonde, akusenda mtedza. Anali atakalamba kuposa mmene iye ankaganizira. Anamuyang'ana nthawi yaitali, manja osaleka ntchito.

"Lero mwabwera nokha?" anatero. "Oimba anu aja mwawasiya kuti?"

"Achemwali, ine sindinkamva."

"Ine ndinkamva."

Mayiyo anakankhira lichero pambali.

"Tsiku loyamba nditaona nambala yanu ndinathamangira pachulu paja pamene pamagwira bwino, manja ali ndi thovu. Ndinati achimwene akumbuka. Kuika kukhutu, nthungululu. Ana onse ali pakhomo, palibe wasowa. Ndinati kapena alakwitsa. Mawa lake chimodzimodzi. Ana anandiuza kuti, amayi, ndi mmene imachitira layiniyo, dikirani nyimbo ithe, amalume alankhula. Ndinati ndidikire ine? Mwana ndaika ndine. Nyimbo ya phwando ndimvenso ndine, kuti iwo asawononge mayunitsi?"

"Nanga munkayankhiranji?" anafunsa munthu uja, mawu ali pansi.

"Ndinkati mwina lero ayamba ndi iwowo."

Apo munthu uja analira, kulira kumene anayenera kulira kumanda. Mlongo wake anamusiya alire. Kenako naye analira. Atatha anaitana mdzukulu kuti atenge nkhuku ija, natulutsa mphasa, nati, "Sunthirani kuno, pamenepo pali linthumbwi."

Anamulandira. Anamuperekeza kumanda, namuonetsa pamene Tsilizani anagona. Koma za malo aja sanabise.

"Ndinampatsa mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake," anatero. "Mkamwini ameneyu ndiye anathamanga ndi bokosi, ndiye analankhula m'malo mwanu. Njerwa ataumba ndinati dikirani kaye, mwina amalume anu abwera. Atawotcha ndinatinso dikirani. Mvula itayandikira ndinasowa chonena. Sindingagwetse nyumba, achimwene."

"Musagwetse," anatero munthu uja.

Anamupatsa malo ena kumunsi kwa munda, pa miyala, kutali ndi madzi. Anamangapo kanyumba ka udzu. Ndinadutsako chaka china ndili pa maulendo anga, ndinamupeza akukwera mtunda ndi chigubu, akupumula pafupipafupi. Sanadandaule. Madzulo amakadya kwa mlongo wake, ndipo amacheza. Koma pochoka amadutsa pa nyumba ya njerwa ija, n'kutsetsereka yekha kupita ku miyala.

Inu amene mukundimva, musapite kukataya layini zanu. Ine ndemwe ndili nayo, ndipo imandithandiza. Funsirani mtengo wa feteleza, itanirani njinga, uzani mwana kuti mwafika bwino. Koma kale wobweretsa mawu olemera ankafika ndi fumbi m'miyendo, ndipo fumbilo linkayamba kulankhula iye asanatsegule pakamwa. Tinkadziwa kuti munthuyu zamupweteka kuti afike pano. Masiku ano tapeza njira zoti mawu afike ife osamva kupweteka. Komatu kupwetekako sikutha. Kumangosamukira kwa wina, ndipo kawirikawiri kumasamukira kwa yemwe tikumupepesayo.

Choncho akakuuzani kuti ichi n'chaulere, funsani kuti akulipira ndani kumbali inayo. Ndipo ngati pali khomo limene likudikira mapazi anu, musatumeko wogulitsa mafuta kuti akakuodireni. Nyamukani nokha, mawondo akadalola.