Galimoto ya Bwana Imagona Kuti?

Tsiku lina bwana Kachigamba anakalipira Gwaza, makaniko wa pagalaja yawo. "Chiikonzereni iwe, galimoto yanga ikungotaya oyilo. Undigulire injini ina, apo ayi ntchito yatha."

Koma Gwaza ankadziwa kuti bwanayo ali ndi chibwenzi kuseri kwa msika.

"Tikaone kaye pomwe imadonthezera usiku, bwana."

Atafika kunyumba kwa bwanayo, Gwaza anagwada nasisita simenti, mayi Kachigamba akuonerera.

"Pouma gwa. Mayi, galimotoyi imagonadi pano? Tiyeni tizungulire m'tauni, tipeze khomo lomwe lada ndi oyilo."

Mayi anamangitsa chitenje. "Tiyeni."

Bwana thukuta linali kamukamu. "Gwaza, m'bale wanga, ndakumbukira. Galimotoyi sidontha. Ndimayeza oyilo molakwika."

"Nanga injini ija, bwana?"

"Injini yanji? Bwerera kuntchito."