Maliro a Goloboyi Wamoyo

Ku Chawama, mumzinda wa Lusaka, ukapatuka pa msewu wa Kafue n'kulowera chakumsika, panali shedi ya malata momwe Bornwell ankakhomera mabokosi a maliro. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake, omwe anachoka nayo ku Katete, ndipo anamusiyira pamodzi ndi malamulo ake awiri. Bokosi salowa nalo pakhomo popanda wakufa, ndipo bokosi likatuluka silibwerera. Bornwell ankawasunga malamulowa, n'chifukwa chake anthu ankamudalira. Zovuta zikagwa m'komboni, anamfedwa ankayamba afika kwa iye asanapite n'kwa abusa komwe, ndipo pa tsiku loika maliro, anthu akatha kuona nkhope, wotseka chivundikiro ankakhala iyeyo. Ulemu umenewu ndiwo unali chuma chake, poti za m'thumba tisanamizane, zinkangokwanira ndiwo.

Mkulu wina wopuma ntchito ku mafakitale, dzina lake Eugene, ankakonda kudzakhala pa benchi la pashedipo n'kumaonerera ntchito.

"Yanga muzapanga ndimwe, ba Bornwell," ankatero uku akusisita thabwa. "Sinifuna kugona mu bokosi ya munthu wamene siniziba."

Koma aliyense ali ndi pake pofookera, ndipo pa Bornwell panali pa mpira. Chaka chimenecho timu ya dziko inapita ku mpikisano waukulu kunja, ndipo pagolo panali Moven, mwana wobadwira m'Chawama momwemo, yemwe anaphunzira kugwira mpira wa mapepala pa fumbi la kuseri kwa msika. Bornwell anapenta chitseko cha shedi mitundu ya mbendera. Aliyense wodutsa, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe, ankauzidwa kuti mwana ameneyu ndi wathu, ndipo chikho chidzatsikira pa siteji ya ku Chawama.

Chikho sichinatsike. Masewero oyamba anagonja, achiwiri anagonjanso, ndipo pa omaliza, omwe akanawapukutako manyazi, kampira kofooka koti ngakhale nkhuku ikanakatchinga kanamudutsa Moven pakati pa miyendo n'kukagona muukonde. Kutacha, Lusaka yense anali atatupa. Madalaivala anazula timbendera pa maminibasi, oimba foni ku wailesi ankalalata mpaka muulutsi kuwadula, ndipo kunamveka kuti ku Matero mayi wina akukolopera m'bala ndi jezi ya timu. Bornwell chakudya chinamukanika. Zigoli zinkamuwawa ndithu, koma chomwe chinkamudya kwambiri chinali chakuti anyamata a pa siteji ankamufunsa kuti chikho chija chafika pati.

Nzeru yoipa inabwera ndi Whyson, woitanira anthu pa siteji ya maminibasi, munthu amene pakamwa pake sipankapuma.

"Mudala, timu yafa," anatero atatsamira chitseko cha mbendera chija. "Manje chinthu chikafa timachita bwanji? Mabokosi muli nayo ndimwe. Tipeleke malilo kuli bamake Moven, baone vamene mwana wabo atichita."

Anthu omwe anali pamenepo anafa nalo phwete, ndipo kusekako kunamutsitsa Bornwell mtima ngati madzi ozizira. Tsopano anthu ankaseka naye, osati kumuseka. Anasankha bokosi labwino, lopaka vanishi, analiphimba ndi jezi n'kukhomerapo magolovesi akale pamwamba. M'kati anaponyamo mpira wophwa.

Mkazi wake, Felistus, anamupeza akumaliza kukhoma magolovesiwo.

"Batate ba Tamara, iyi bokosi iyenda kuti?"

"Ni masobela chabe," anatero Bornwell, kutanthauza kuti ndi masewera.

"Masobela na bokosi? Uja mwana ali moyo, na bamake bali moyo. Ngati mtima wababa, ng'ambani jezi, osati ivi. Batate banu banakamba chani?"

"Iwe va mpila suviziba," anayankha Bornwell osadzutsa n'komwe mutu.

Felistus anabwerera kukagulitsa tomato wake.

Loweruka m'mawa gulu linanyamuka. Anyamata a pa siteji anasenza bokosi, Whyson patsogolo akulira monamizira, mavuvuzela akung'amba makutu, ndipo pofika ku msika khamu linali litadzaza msewu. Bornwell ankayenda pambali pa bokosi lake atatukumula chifuwa. Moven anali asanabwerere ndi timu, koma mayi ake, a Norah, anali pakhomo. Anali mayi wamasiye, mmodzi wa amayi a chigwirizano ku mpingo wawo. Bornwell ankayembekeza kuti mayiwo atseka geti kapena atuluka ndi mthiko n'kuyamba kulalata, anthu aseke, ajambule pa mafoni, basi mtima uphwe aliyense azipita.

Geti linatseguka lonse, mbali zake zonse ziwiri. A Norah anatuluka atamanga chitenje, duku lakuda kumutu, mapazi opanda nsapato. Anayang'ana bokosi, anayang'ana magolovesi, kenaka anayang'ana Bornwell.

"Mwabwela na malilo," anatero motsitsa mawu. "Ngenesani. Malilo siimilila pa geti."

Onyamula aja anayang'anana, koma miyendo yawo inamvera yokha. Analowa n'kukhazika bokosi pabwalo. A Norah anapempha akazi oyandikana nawo kuti atulutse mipando ya pabalaza n'kuyala mphasa. Tsono ku Chawama, bokosi likalowa pageti, mipando n'kutuluka m'nyumba, tanthauzo lake ndi limodzi basi. Amayi omwe anaonera patali sanafunse. Wina anayamba kubuma, wina anapolokezera, ndipo mphekesera inathamanga m'tinjira tonse kuti Moven wafera kunja, ena ati wadzipha chifukwa cha manyazi. Amayi ankafika akuthamanga uku akumangirira zitenje. A chigwirizano anakhala pansi mozungulira bokosi, ndipo mmodzi anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, anzake n'kuilandira.

Mavuvuzela anazima limodzi ndi limodzi. Mafoni anatsika n'kulowa m'matumba. Whyson, amene mawu ake ankamveka kuchokera pa siteji mpaka kumsika, anapezeka atavula kapusi osadziwa kuti waivula nthawi yanji. Bambo wina anafika ndi chipika cha nkhuni paphewa, monga amachitira amuna pa siwa. Mkulu Eugene naye anafika ndi ndodo yake n'kukakhala kumbali ya abambo.

Bornwell ankalidziwa bata limeneli. Anali atakhalamo moyo wake wonse, ndipo nthawi zonse linkakhala kumbali yake. Tsiku limenelo linamutembenukira. Anachita mantha, mantha enieni, koma pamodzi ndi manthawo anazizwa. Khamu lomwe apolisi akanavutika nalo linali litakhala chete pamaso pa mayi mmodzi wopanda nsapato, yemwe sanakweze mawu ngakhale kamodzi.

A Norah anakweza dzanja ndipo nyimbo inatsika.

"Ba Bornwell, bokosi ya bamuna banga munapanga ndimwe. Munatseka ndimwe, pamene pano. Manje mwanibweletsela ya mwana wanga. Segulani, nimuone nkhope."

"Amama, ni masobela chabe," anatero Bornwell.

"Pa nyumba yanga sipanangenepo bokosi ya masobela. Segulani."

Bornwell anawerama pa bokosilo. Chivundikiro chinatseguka, ndipo m'kati munali mpira wophwa uja ndi utuchi pang'ono. A Norah anayandikira atagwira manja pachifuwa, n'kuyang'ana m'bokosimo nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira nkhope yomwe sadzaionanso. Kenaka anazungulira n'kupatuka. Amayi aja ananyamuka pamzere monga mwa mwambo. Aliyense ankafika, n'kusuzumira, n'kudzutsa maso kuyang'ana Bornwell, yemwe anali ataima kumutu kwa bokosi, pamalo pomwe ankaima nthawi zonse. Amene analira zenizeni misozi inali ikadali m'masaya. Abambo anatsatira. Palibe anamutukwana, ndipo iye akanakonda atamutukwana. Womaliza anali mkulu Eugene. Anasuzumira, anasisita m'mbali mwa bokosi ndi chikhatho, n'kudutsa osamuyang'ana Bornwell.

Mzere utatha, a Norah anatembenukira khamu.

"Mwaona mweka, mwana wanga mulibe umu. Ali moyo, nakamba naye kuseni. Enze kulila pa foni. Mpila unamupita, zoona, na ine chinanibaba kuchila imwe bonse, ndaba nine ninamubala. Koma azabwela pano, azadya, azagona." Atatero anayang'ana Bornwell. "Iyi bokosi ilibe mwine. Lamulo yake muiziba ndimwe. Nyamulani."

Bornwell anatembenuka kufuna onyamula ake. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Whyson anali atazemba kalekale, kumusiyira vuvuzela pansi pa geti. Bokosi lopanda mwini ndani angalikhudze? Aliyense ankaopa kuti lingamusankhe. Bornwell anapempha wilibala kwa mnansi wina, ndipo mnansiyo anayankha kuti tayala laphwa, chonsecho wilibalayo inali poteropo ili bwinobwino. Mapeto ake analisenza yekha pamutu.

Njira yomwe anabwera akuvina inatalika pobwerera. Dzuwa linali litakwera, bokosi likumukanikiza khosi. Akati atule pamthunzi wa mpanda wina kuti apumeko, mwini nyumba ankatulukira msanga. "Osati apa, ba Bornwell." Akasunthira kutsogolo, mawu anali omwewo. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ankatembenuza nkhope, ndipo maminibasi, omwe sapatukira munthu, tsiku limenelo ankamupatukira. Atafika pa shedi anapeza Felistus ataima pakhomo, manja m'chiuno, maso ofiira.

"Ikachoka sibwelela," anatero mkaziyo. "Munanipunzisa ndimwe."

Bornwell anangopempha hamala ndi machesi, n'kupitirira nalo mpaka kudzala la kuseri kwa msika, pafupi ndi fumbi lomwe Moven anaphunzirirapo mpira. Kumeneko analiphwanya ndi manja ake n'kuliyatsa. Vanishi wabwino amayaka msanga.

Mkwiyo wa mpira sukhalitsa. Timu inabwerera, wailesi inapeza nkhani zina, ndipo pasanapite nthawi anthu omwe aja anayambanso kuvala majezi awo ngati sipanachitike kanthu. Moven anafika kwawo, anadya, anagona, monga ananenera mayi ake. Tsiku lina anawaperekeza kumsika atawanyamulira dengu, ndipo amuna omwe anaimba vuvuzela pageti pawo ankamupatsa moni ndi manja awiri, maso ali pansi. Whyson anali woyamba kumuuza kuti osadandaula, mpira ndi mmene umakhalira.

Bala la Moven linapola, koma la Bornwell linakana. M'komboni dzina lake linasintha, anayamba kumutchula kuti uja wopangira amoyo mabokosi. Zovuta zikagwa, anamfedwa ankadutsa pa shedi yake atafulumiza mapazi n'kukwera minibasi kukagula bokosi m'tauni, ngakhale kunali kutali. Ankati manja omwe anaseweretsa bokosi sangatsekere mbale wawo. Bornwell anafafaniza penti ya pachitseko n'kuyamba kukhoma mipando ndi mafelemu a zitseko. Zoti adye sizinasowe, koma palibe ankatsitsanso mawu podutsa pa shedipo.

Mvula itayamba, mkulu Eugene anatsikira kuli chete. Bornwell atamva kubuma, anasesa m'shedi, n'kutsitsa matabwa abwino omwe ankawasunga kudenga. Anawapala mosamala n'kukhala pa benchi lija kudikira. Anadikira mpaka mwana wamkulu wa malemuyo anadutsa, ndipo Bornwell anamuimitsa.

"Batate banu banakamba kuti yabo nizapanga ndine."

Bamboyo anakanda kumutu. "Banakamba, zoona. Koma banachinja, ba Bornwell. Kuchokela ija siku."

Pa tsiku loika maliro, lole inadutsa pa shedi pomwepo, ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha zithaphwi. Kumbuyo kwake kunali bokosi la m'tauni, lopyapyala, lopangidwa ndi munthu yemwe Eugene sankamudziwa. Amayi a chigwirizano anali atalizungulira akuimba, ndipo pakati pawo panali a Norah. Atamuona Bornwell ataima pakhomo la shedi, kapusi ili m'manja, anamugwedezera mutu momupatsa moni, popanda chidani chilichonse. Zimenezo ndi zomwe zinamuliza. Analira ngati mwana, ndipo Felistus anabwera mwakachetechete n'kubwezera matabwa aja kudenga.

Bornwell anafuna maliro oseketsa a m'mawa umodzi, koma maliro anabwera ndi zake zonse, kubuma kwake, mzere wake ndi lamulo lake, ndipo anamutengera chokhacho chomwe anali nacho. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pomwe anati walira mvula, walira matope.