Tepi ya Phwando la Orest

Lamulungu m'mawa, m'khitchini mwa a Danyluk ku Yorkton, m'dziko la Canada, munkanunkhira khofi ndi soseji yotsala ku phwando la dzulo lake. Myron adakhala pathebulo atavala magalasi kumapeto kwa mphuno, kamera yake ya kanema ili kumanja, laputopu ya mkazi wake Glenda ili kumanzere, pakati pake chingwe chakuda chitadzipinda ngati njoka yowothera dzuwa.

Myron adali munthu wa manja. Moyo wake wonse adauthera m'galaja yokonzera mathirakitala ndi makina okololera tirigu, ndipo alimi a dera lonselo ankati makina akakanika Myron ndiye kuti afa basi. N'chifukwa chake sankakonda kuuzidwa zochita pa chinthu chilichonse chokhala ndi batani. Kamerayo adamugulira ndi ana ake, ya mtundu umene udali utangotchuka masiku amenewo, yojambulira pa timatepi tating'ono ngati bokosi la machesi.

Zimene zidali pa tepi ya tsikulo sizidali wamba. Orest, mkulu wake wa Myron, ndi mkazi wake Stella adakwanitsa zaka makumi anayi ali pabanja, ndipo abale ndi anansi adadzaza holo ya tchalitchi. Anthu atakhuta maperogi, timabumi ta ufa tokhala ndi mbatata m'kati, ndi kabichi wokulunga, anzake akale adayamba kumuumiriza Orest kuti atulutse akodiyoni yake, imene adaisiya kalekale chifukwa cha nyamakazi ya m'zala. Adakanakana, koma pomaliza adaikoleka pachifuwa. Zala zidayamba mwamanyazi, kenaka zidakumbukira njira. Adaimba nyimbo ya m'Chiyukireniya imene malemu mayi awo ankaimba akamakanda ufa, yomwenso iye adafunsira nayo Stella ali mnyamata. Stella adabisa nkhope m'kansalu ka pathebulo, holo yonse ili zii. Myron adajambula zonsezo ataimirira pampando.

Tsopano kudangotsala kusamutsa kanemayo kuti alowe mu laputopu. Myron adalumikiza chingwe chimene chidabwera m'bokosi. Laputopu idalira kamodzi, n'kuonetsa zithunzi zochepa zimene adatola poyesera kamerayo: phazi lake, galu, ndi denga. Kanema osaoneka. Adazula chingwe, kuuzira m'kabowo, kulumikizanso. Phazi, galu, denga.

Glenda adatenga kabuku ka malangizo n'kumawerenga chala chili pamzere.

"Myron, akuti chingwe chimenecho n'cha zithunzi zokha. Kanema amadutsa pa chingwe china. Ndiye laputopu yangayi ilibe kabowo kake, mpofunika kakhadi kolowetsa m'mbalimu."

"Zonama izo. Chingwe ndi chingwe."

"Si ine ndalemba kabukuka."

"Amene adalembayo sadagwirepo sipanala. Ine ndamasula mainjini aakulu kuposa khitchini ino, ndiye kandigonjetse kabokosi aka?"

Adalimbana nako mpaka khofi adazizira m'kapu. Kenaka adatseka laputopu mwaukali pang'ono, natulutsa tepi ija n'kuiponya m'dirowa momwe mudali matepi ena awiri ofanana nayo ndendende.

"Bwanji osangopita ku sitolo mawa?" adatero Glenda. "Kapena perekani tepiyo kwa Stella, mwana wake amazidziwa zimenezi."

"Ndijambule ine, atamandidwe wina? Ndichita ndekha ndikapeza mpata. Tepi ilibe miyendo, siithawa."

"Ndiye ilembeni dzina. Ndipo akuti pali kotsekera kakang'ono pamsana pake, mukakakankha palibe angajambulirepo zina."

"Glenda, matepi ndili nawo angati kuti ndisokoneze? Yanga ndimaidziwa."

Glenda adatseka kabukuko n'kukaika pathebulo. Adakhala naye zaka zokwanira kudziwa kuti mwamuna wakeyo ukamukankha amazika mizu.

Masamba adayoyoka, atsekwe adauluka kulowera kummwera, chipale chofewa chidakwirira minda. Stella adaimbapo foni kufunsa za kanemayo, Myron n'kuti ali pafupi kumaliza. Pa Khirisimasi, akudya kwa Orest, mkulu wakeyo adamuloza ndi foloko.

"Iwe Myron, filimu yanga ija ukudikira kuti ndife kaye kuti itchuke?"

"Achimwene, zinthu zabwino sazithamangira. Komanso ndikufuna ndikuchotseni mimbayo kaye, ikudzaza sikirini yonse."

"Mimba ndi yanga, ndidaigwirira ntchito. Iwe bweretsa filimu."

Onse adaseka, Myron kuposa onse. Mumtima ankadziwa kuti chomuletsa si mpata. Chidali choti akaime pamaso pa wogulitsa m'sitolo n'kunena kuti, "Zandikanika." Mawu amenewo sadali m'kamwa mwake. Ndipo popeza tepi idali phee m'dirowa, ankaona ngati nyimboyo ali nayo kale m'manja.

Loweruka lina mu Januwale, mdzukulu wawo Tessa ankasewera hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, koyamba kukhala wapagolo. Myron adachedwa chifukwa chochotsa chipale chofewa pakhomo ndi fosholo. Adalowa m'nyumba nsapato zili kuphazi, natsegula dirowa, natola tepi imene ankati ndi ya ulendo wake wokawedza nsomba, umene sadaphe ngakhale imodzi. Ali m'galimoto adaibweza kumayambiriro osayang'ana n'komwe. Ku bwalo la ayezi adajambula masewero onse, akukuwa mpaka mawu kusasa. Timu ya Tessa idapambana, ndipo Myron adabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Mwezi wotsatira, Orest adagwa m'bafa akumeta ndevu. Madokotala adati ndi sitiroko. Moyo adaupulumutsa, koma mbali yakumanja idafa, ndipo mawu adapita nayo. Munthu amene sankatha kudya osacheza adangotsala ndi maso. Akafuna kunena kanthu, milomo inkanjenjemera, n'kutuluka mpweya wokha.

Patapita masabata, Stella adaimba foni. Mawu ake adali otopa.

"Mlamu, mayi amene akumuphunzitsa kulankhula uja akuti nthawi zina munthu amene mawu adamuthawa amawapezanso kudzera m'nyimbo imene amaidziwa bwino. Akuti akadzimva yekha akuimba, mwina lilime lingatsatire. Chonde, kanema uja."

"Mawa lomweli, mlamu. Mawa ndibwera naye."

Tsiku lomwelo Myron adapita ku sitolo ya zamagetsi. Mawu amene adamulemera miyezi yonseyi adatuluka mosavuta. Mayi wogulitsa adamupatsa kakhadi ndi chingwe, namuonetsa mbali yolowetsera, basi. Myron adaima pakhomo la sitolo akuyang'ana kathumba kali m'manja mwake, kopepuka ngati mulibe kanthu.

Kunyumba adalowetsa kakhadi m'mbali mwa laputopu, nalumikiza chingwe, nayatsa kamera. Laputopu idalira, ndipo nthawi yomweyo idaizindikira kamerayo ngati mnzake wakale.

"Mwaona?" adatero Glenda chapansipansi, osati monyoza.

Kanema wa pa tepi sathamangitsidwa. Amalowa mu laputopu pa liwiro lomwe adajambulidwira, ndipo wosamutsayo amangoyenera kukhala n'kumaonera. Myron adaika tepi yoyamba. Padaoneka maluwa a Glenda ndi galu akuthamangitsa mpira. Adaichotsa. Adaika yachiwiri. Padaoneka nyanja, bwato, ndi ndodo yowedzera.

Adaiyang'anitsitsa ndodoyo nthawi yaitali. Ngati ulendo wa nsomba ulipo, ndiye tsiku la hoke lija adatola tepi iti? Adatulutsa tepiyo n'kuika yotsalayo.

Tepi yachitatu idayamba ndi kuwala koyera kwa ayezi. Ana ovala zipewa zolimba ankatsetsereka uku ndi uku. Kenaka mawu ake omwe adatuluka mu laputopu, okondwa, odzaza khitchini yonse: "Gwira, Tessa! Eyaa! Ameneyo ndi mdzukulu wanga!"

Glenda adagwira pakamwa.

"Mwina ili kutsogoloku," adatero Myron. Mawu ake adali ngati a munthu wina.

Sadathamangitse tepiyo. Mwina ankaopa kufika kumapeto, mwina ankaona kuti chimenecho ndicho chilango chomuyenera. Adaonera masewero onse, chigoli ndi chigoli, akudziwa kuti pansi pa phazi lililonse lotsetsereka pa ayezipo padali mawu a mkulu wake akufufutika. Glenda adakoka mpando n'kukhala pambali pake. Adaika dzanja pabondo la mwamuna wake.

Masewero atatha, chithunzi chidagwedezeka, chidachita timabokosi, kenaka holo ya tchalitchi idatulukira. Koma phwando lidali litatha. Anthu ankasanjikiza mipando. Stella ankakulunga zakudya zotsala. Pakona, Orest adawerama akutseka bokosi la akodiyoni. Adaweramuka, napukuta thukuta pamphumi, nayang'ana mu kamera.

"Iwe Myron, zimitsa chinthucho udzanyamule mipando. Wajambula zokwanira."

Sikirini idachita buluu.

Masana onsewo Myron adakhalira foni. Adaimbira asuweni, anansi, ngakhale woyang'anira holo. Ena adali ndi zithunzi, Orest kukamwa kuli yasa, akodiyoni itatambasuka, koma zopanda mawu. Yankho lidali limodzimodzi paliponse: "Ife tidaona kuti Myron akujambula, ndiye tidangokhala n'kumamvetsera."

M'mawa mwake adanyamula laputopu kupita ku chipatala. Stella adamuchingamira m'khonde, nkhope itawala koyamba chigwereni mwamuna wake. Myron adavula chipewa.

"Mlamu, nyimbo ija kulibe. Ndidajambulirapo masewero a Tessa. Palibe wina wolakwa, ndine."

Stella adamuyang'ana ngati sadamve. Kenaka adatsamira khoma.

"Yonse?"

"Kwatsala kachidutswa. Koma si nyimbo."

"Ndinkakupemphani, mlamu," adatero mosakweza mawu. "Sindinkafuna filimu yokongola. Ndinkangofuna ndikhale nayo."

Myron akadakonda Stella akadamulalatira. Kufatsa kwakeko kudamupweteka kuposa mbama.

Adalowa m'chipinda. Orest adali pa njinga ya odwala pafupi ndi windo, bulangete lili pamiyendo, dzanja lamanja litagona pamwamba pake ngati la mwini wina. Myron adagwada pambali pake namuuza zonse, osachotsera kapena kudzikometsera. Orest adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka ndi dzanja lamanzere adaloza laputopu.

Holo idaoneka. Mipando. Stella ndi mbale zake. Ndiyeno mawu aja, amphamvu, a munthu wokhuta ndi wokondwa: "Iwe Myron, zimitsa chinthucho udzanyamule mipando."

Mbali yamoyo ya nkhope ya Orest idakwera m'mwamba. M'khosi mwake mudatuluka phokoso limene poyamba adaliyesa kutsamwa, koma kudali kuseka. Misozi idatsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe. Adazunguza chala m'mwamba kuti abwerezenso. Myron adabwereza. Adazunguzanso chala.

Atatopa nazo, Stella adagwira dzanja la mwamuna wake nayamba kuimba yekha nyimbo ija. Mawu ake adali aang'ono, ndipo pa ndime yachiwiri adasokoneza, chifukwa zaka zonsezi iye adali womvetsera, woimba adali Orest. Adatembenukira kwa mlamu wake.

"Thandizeni. Ndi nyimbo ya mayi anu."

Myron adatsegula pakamwa. Chuni ankachidziwa, koma mawu ayi. Chiyankhulo cha mayi awo adachisiya ali mwana wa sukulu, poganiza kuti mkulu wake alipo, adzamufunsa tsiku lina. Adangong'ung'udza, maso ali pansi, Orest akugwedeza mutu motsatira, milomo ikuyesa koma osatulutsa kanthu.

Orest adakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Adaphunziranso kunena "inde", "ayi" ndi dzina la Stella, koma sadaimbenso. Ngati kanema uja akadamuthandiza, palibe angadziwe, ndipo kusadziwako ndiko Myron adasenza. Ankapita kukamuona pafupifupi tsiku lililonse, kumumeta ndevu, kumuyendetsa panja dzuwa likawala. Kachidutswa kaja adakakopera pa madisiki ambirimbiri n'kugawira mbumba yonse, ndipo ana a Orest amakasunga mpaka lero, poti ndi pokhapo pamene mawu a bambo awo adatsala.

Myron sadali munthu woipa mtima, ndipo mkulu wake ankamukonda kuposa mmene ankanenera. Adangoyesa kuti chimene chili m'dirowa mwake ndi chake, kuti tepi idikira, kuti Orest adikira, kuti mawa ndi lofanana ndi lero. Koma chinthu usanachifikitse pamalo pake, sichinakhale chako. Akuluakulu adaziona kale izi pamene adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.